Amapiano: nyimbo za m'komboni zomwe zinasanduka malonda

Mwina munamvapo nyimbo zina pa foni kapena pa ukwati, zomwe ng'oma yake imalira pansipansi, mpaka kugunda pacifuwa. Nyimbo zimenezo ndi amapiano.

Amapiano anayambira ku South Africa, m'makomboni a ku Johannesburg ndi Pretoria, m'zaka za m'ma 2010. Dzinali ndi la Cizulu. Limatanthauza mapiyano ambiri. Acinyamata ankapanga nyimbozi pa kompyuta, m'zipinda zawo zogona. Anasakaniza kwaito, jazz ndi house. Ng'oma ija, yomwe amaichula kuti log drum, si ya cikopa ayi. Imacokera m'kompyuta momwemo.

Poyamba mawailesi sankaziimba kwenikweni. Ndiye zinafala bwanji? Anthu ankangotumizirana pa WhatsApp, ulele. Madalaivala a maminibasi ankaziliza tsiku lonse.

Mu 2019, Kabza De Small ndi DJ Maphorisa anatulutsa cimbale ca Scorpion Kings. Cinachuka kwambiri. Kenako mavinidwe ake anadzaza pa TikTok. Kuno ku Mozambique, DJ Tarico anapanga nyimbo ya Yaba Buluku. Mu 2021 anaibwereza pamodzi ndi Burna Boy wa ku Nigeria, ndipo inamveka m'maiko ambiri.

Pamene pali khamu, amalonda sacedwa. Makampani a nyimbo anayamba kulemba nchito oimbawa. Spotify inasonkhanitsa nyimbozi pansi pa dzina limodzi, kuti wofuna azipeza msanga. Dzina loti amapiano linayamba kugulitsa matikiti a madansi ku London ndi kwina. Mu 2024, Tyla wa ku Johannesburg analandira mphoto ya Grammy ndi nyimbo ya Water, yomwe inasakaniza amapiano ndi pop.

Nanga ndalamazo zimapita kwa yani? Apa ndiye pagona nkhani. Nyimbo ikamvedwa kamodzi pa intaneti, imabweretsa kandalama kocepa zedi. Kandalamako amagawana kampani, woimba ndi wopanga ng'oma. Kagawidwe kake kamalembedwa m'pangano. Mnyamata amene anapanga ng'omayo akhoza kutsala manja lende ngati dzina lake mulibe.

Ngati mwana wanu kapena mng'ono wanu amapanga nyimbo, muuzeni zinthu ziwiri. Dzina lake lilembedwe pa nyimbo iliyonse. Ndipo asasaine pepala asanaliwerenge lonse ndi kulimvetsa.