Pitsa ya pambaula ku Kande

Ana ambiri a ku Kande amaidziwa pitsa asanailawe n'komwe. Amangomva fungo lake kumalo ogona alendo amene andandalika m'mbali mwa nyanja mpaka ku Chintheche, ndipo akakapempha kunyumba, makolo amawauza kuti zimenezo n'za azungu, zimafuna uvuni wamagetsi ndi tchizi cha ku Mzuzu.

Komatu pitsa sinayambire m'mahotela. Ku Naples, m'dziko la Italy, inali chakudya cha amphawi: mkate wopyapyala wopakidwa matimati, nthawi zina n'kuikapo tinsomba ting'onoting'ono. Ndiye mudzi umene usipa umayanikidwa pathandala m'mawa uliwonse ungalephere bwanji?

Ufa wa kondowole paokha sugwirana moti n'kutambasulika ngati wa tirigu, choncho sakanizani makapu awiri a ufa wa tirigu ndi kapu imodzi ya ufa wa chinangwa wosefa bwino. Thiranimo mchere pang'ono, masupuni ang'onoang'ono awiri a baking powder ndi madzi ofunda, n'kukanda mpaka usiye kumata m'manja. Palibe zodikira kuti ufufume. Dulani timibulu, mwana aliyense apsinje kake ndi botolo mpaka kapyapyale. Chiphwathalala chokhuthala chimapserera pansi m'kati muli mwamuwisi, ndipo chimangochulukitsa ufa m'mimba.

Msuzi wake ndi matimati akupsa kwambiri, anyezi ndi adyo, zophikidwa mpaka madzi aphwere. Usipa wouma uchotseni mitu, muuviike m'madzi otentha kuti mchenga uchoke. Kapena nyenyani nsomba ya batala yowamba, koma minga muisankhe mosamala chifukwa akudya ndi ana. Onjezani bonongwe wofutsa pang'ono ndi wofinya.

Pakani timafuta pachiwaya ndi chala, wotchani mbali imodzi, tembenuzani, pakani msuzi, yalani nsomba ndi masamba. Kenako vundikirani n'kuika makala pachivundikiro, monga tichitira pophika chigumu. Moto wapansi ukhale wozizirira. Pakatha mphindi 10 yapsa.

Nkhani ya mafuta ndiyo yofunika kuimvetsa. Galamu imodzi ya mafuta imakhala ndi makalori 9, pomwe ya sitachi kapena ya zomanga thupi imakhala ndi 4 okha, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira imafika makalori pafupifupi 120. Pitsa yogula imalemera chifukwa cha tchizi chambiri ndi soseji. Tchizi mukachipeza, chodzaza dzanja limodzi chikwanira chiwaya chonse. Mukachisowa, dzira lomenya lothiridwa pamwamba limagwirizanitsa zonse bwinobwino.

Apa ndichenjezepo: kuchepetsa mafuta kusasanduke kumana ana chakudya. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi bambo kapena agogo odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mwana amene wasambira m'nyanja masana onse afunika kukhuta. Kondowole amapatsa mphamvu koma zomanga thupi alibe zokwanira, pomwe usipa, umene timadya ndi minga yomwe, umalimbitsa mafupa. Choncho pa pitsa ya mwana musaumire nsomba, ndipo nyengo ya mapeyala muduliremo tizidutswa ikangochoka pamoto.

Ufa wa tirigu ndi wodula, poti tirigu wambiri Malawi amaitanitsa kunja, motero ichi si chakudya cha tsiku ndi tsiku. Koma Loweruka madzulo, banja la anthu asanu lingakhute ndi makapu atatu aja mutawonjezera nthochi kapena chinanazi pambali.