Android kapena iPhone: Ndi lamya iti ingapirire tsiku la ntchito kwa Njombwa?

Ogwira ntchito za boma m'dera la Mfumu Njombwa m'boma la Kasungu, monga alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi, masiku ano akudalira lamya za m'manja pa ntchito zambiri zimene kale zinkachitika ndi pepala ndi cholembera. Malipoti akutumizidwa pa lamya, misonkhano ikuitanidwa pa WhatsApp, ndipo ndalama zina zikumafika kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kaamba ka ichi, lamya ikatha moto masana, ntchito ya boma imaima ngakhale mwini ntchitoyo ali pamalo pake.

Pafupifupi lamya zonse zamakono zimene zili pamsika zimayendera imodzi mwa mapulogalamu awiri akuluakulu: Android ya kampani ya Google, ndi iOS ya kampani ya Apple imene imapezeka mu iPhone mokha. Kusiyana kwa ziwirizi n'kofunika kwa aliyense wogula lamya yake, komanso makamaka kwa akuluakulu a m'maofesi amene amagulira lamya anthu ogwira ntchito m'midzi.

Mmene mpikisanowu unayambira

Kampani ya Apple inatulutsa iPhone yoyamba m'chaka cha 2007, ndipo lamya yoyamba ya Android, yotchedwa HTC Dream, inatuluka mu 2008. Panthawiyo panalinso Symbian ya m'lamya za Nokia ndi BlackBerry imene mabwana ambiri ankaikonda, ndipo kenaka kunabwera Windows Phone ya Microsoft. Zitatu zonsezi zinagwa pampikisanowu. BlackBerry inatseka ntchito za lamya zake zakale mu Januwale 2022.

Kusiyana kwakukulu kwa ziwiri zotsalazi n'kwakuti Apple imapanga yokha lamya, ubongo wa lamyayo ndi pulogalamu yake, pomwe Android imagwiritsidwa ntchito ndi makampani ambiri monga Samsung, Xiaomi ndi Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix. Choncho dzina lakuti Android likuimira lamya zosiyana kwambiri, kuyambira zotchipa zedi mpaka zodula ngati iPhone. Poyerekeza, nzeru ndi kuyang'ana lamya zimene zimafikadi m'manja mwa anthu a ku Kasungu: Android ya mtengo wotsika kapena wapakati, ndi iPhone imene nthawi zambiri imakhala yogwiritsidwapo kale ntchito kunja.

Chifukwa chake batire ndi nkhani yaikulu

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la mabanja m'dziko muno linali ndi lamya ya m'manja, koma mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'mizinda. Boma la Kasungu, limene panthawiyo linali ndi anthu oposa 800,000, ndi la alimi okhala m'midzi ndi m'maesiteti a fodya otalikirana. Ngakhale ndondomeko yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP yafika m'misika ina, anthu ambiri amatchajitsa lamya pa sola kapena pa malo olipiritsa, monga m'mashopu ometera tsitsi.

Ngakhale kumene mawaya a ESCOM anafika, magetsi angathe kusowa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, zimene zinachotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunavuta kwambiri kufikira malowo atakonzedwa mu 2023.

Nyengo ya msika wa fodya, imene kawirikawiri imayamba cha mu Epulo, imaonjezera ntchito ya lamya. Alimi ndi atsogoleri a makalabu amafuna kudziwa ngati mabelo awo afika ku okushoni ya Chinkhoma, ngati agulidwa kapena abwezedwa, ndiponso ngati ndalama zalowa ku banki. Mlangizi amene akuzungulira m'zigafa pa njinga angathe kutha tsiku lonse osaona potchajira.

Manambala a pabokosi sanena zonse

Kukula kwa batire kumalembedwa mu mAh. Lamya zambiri za Tecno, itel, Infinix ndi Samsung za mtengo wapakati zili ndi batire la 5,000 mAh, ndipo zina zimafika 6,000 mAh. Mabatire a iPhone amakhala ang'onoang'ono: iPhone 8 ili ndi 1,821 mAh, iPhone 11 ili ndi 3,110 mAh, pomwe iPhone 13 ili ndi 3,227 mAh.

Komabe nambalayi ikungonena kukula kwa nkhokwe, osati kadyedwe ka chimanga chimene chili m'nkhokwemo. Popeza Apple imapanga yokha ubongo wa lamya ndi pulogalamu yake, iPhone imadya moto mosamala, ndipo iOS imaletsa kwambiri mapulogalamu kugwira ntchito mwini wake asakuwagwiritsa ntchito. N'chifukwa chake iPhone yatsopano ya batire laling'ono imatha kulimbana ndi Android ya batire lalikulu.

Android nayo inaonjezera njira zosungira moto: Doze, imene imagoneka mapulogalamu lamya ikangokhala, inabwera ndi Android 6 mu 2015, ndipo Adaptive Battery inabwera ndi Android 9 mu 2018. Lamya zotchipa zilinso ndi mwayi wina: galasi lake silikhala lakuthwa kwambiri ndipo ubongo wake ndi wofooka, kotero sizidya moto wambiri. Lamya yotere ya 5,000 mAh imatha kufika tsiku lachiwiri ngati ikugwiritsidwa ntchito poimba, kulemba mauthenga ndi kudzaza mafomu. Vuto lake n'lakuti makampani ena, pofuna kusunga moto, amachititsa lamya kutseka mapulogalamu mwankhanza, moti mauthenga amafika mochedwa ndipo lipoti limene mlangizi akuganiza kuti lapita limakhala likadali m'lamya. Izi zimakonzeka pouza lamyayo kuti isamatseke pulogalamu ya ntchitoyo.

Zimene zimadya moto kumudzi

Pali adani a batire amene sasankha mtundu wa lamya. Woyamba ndi netiweki yofooka. Lamya ikakhala kutali ndi nsanja ya TNM kapena Airtel imaonjezera mphamvu yolankhulira ndi nsanjayo, ndipo ikasowa netiweki imangofunafuna osapuma. Lamya ya ma SIM khadi awiri imachita zimenezi pa mizere yonse iwiri. Ichi n'chifukwa chake lamya imene imatha tsiku lonse pa boma la Kasungu ingathe kuzima masana m'mudzi wakutali.

Wachiwiri ndi dzuwa. Pofuna kuwerenga panja, galasi limawala mokwanira mphamvu yake yonse, ndipo galasi ndi chimodzi mwa zinthu zodya moto kwambiri. Wachitatu ndi GPS, imene imayaka poyeza minda kapena polemba malo a mijigo ndi nyumba. Wachinayi ndi kutentha. Apple imalangiza kuti lamya zake zizigwira ntchito pamalo osatentha kupitirira madigiri 35, chifukwa kupyola apo batire limaonongeka osabwereranso. Mabatire a Android ndi a mtundu womwewo wa lithium, choncho kusiya lamya ikutchajidwa padzuwa pambali pa sola m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumafupikitsa moyo wake.

Batire limakalamba

Apa m'pamene iPhone ya kaunjika imagonjera. Malinga ndi Apple, batire la iPhone 14 ndi zam'mbuyo mwake linapangidwa kuti lizisungabe magawo 80 pa 100 a mphamvu yake likatchajidwa modzaza maulendo 500, pomwe kuyambira iPhone 15 maulendowo ndi 1,000. Kwa munthu wotchaja tsiku ndi tsiku, maulendo 500 amakwana pasanathe chaka ndi theka. iPhone 11 imene batire lake latsika kufika pa 80 imakhala ndi mphamvu yosakwana 2,500 mAh, theka la Android yatsopano.

Ubwino wake n'ngwakuti iPhone imaonetsa poyera thanzi la batire. Apple inaika chida chimenechi mu 2018, itavomera mu Disembala 2017 kuti inkachepetsa liwiro la lamya za mabatire okalamba. Wogula angathe kuona nambalayo asanapereke ndalama, chinthu chimene lamya zambiri zotchipa za Android sizionetsa.

Potchaja, lamya zatsopano za Android zimagwiritsa ntchito chingwe cha USB-C, ndipo zakale ndi zina zotchipa zimagwiritsa ntchito micro-USB. Zingwe ziwirizi n'zosavuta kubwereka pamsika. iPhone inali ndi chingwe chakechake cha Lightning kuyambira 2012 kufikira iPhone 15 ya mu 2023, imene inasinthira ku USB-C. Batire la 5,000 mAh limasunga mphamvu pafupifupi ma watt-hour 19, ndipo sola yaing'ono ya mawati 10 imafuna maola atatu kapena anayi a dzuwa labwino kuti ilidzaze. Power bank yolembedwa 10,000 mAh siidzaza lamya yotere kawiri, chifukwa gawo lina la mphamvu limatayika potchaja.

Ntchito za tsiku ndi tsiku

Kwa wogwira ntchito za boma, mfundo yolemera kuposa zonse ndi mapulogalamu. Zida zodziwika zotolera chiwerengero kumidzi, monga ODK Collect, KoboCollect ndi DHIS2 Capture, zinapangidwira Android, ndipo zimalola kudzaza mafomu popanda netiweki n'kuwatumiza pambuyo pake. Ndondomeko ya iCHIS ya Unduna wa Zaumoyo, imene alangizi a zaumoyo amalembamo ntchito zawo, inamangidwa pa DHIS2. Mwini iPhone angathe kudzaza mafomu ena kudzera pa intaneti, koma sangaike mapulogalamu amenewa m'lamya yake.

Chachiwiri ndi SIM khadi. Anthu ambiri amasunga mizere iwiri, wa TNM ndi wa Airtel, kuti kumene wina wafooka winayo athandize. Lamya zambiri za Android zili ndi malo a makhadi awiri. iPhone zambiri zili ndi malo a khadi limodzi, mzere wachiwiri n'kukhala wa eSIM, ndipo zogulitsidwa ku America kuyambira iPhone 14 ya mu 2022 zilibiretu malo oikamo khadi.

Chachitatu, lamya zambiri zotchipa za Android zili ndi wailesi ya FM, yomverera MBC kapena Zodiak osagula bandulo, komanso malo a memory card. iPhone ilibe zonse ziwiri. Koma pa nkhani yotumiza ndalama palibe yoposa inzake, pakuti manambala oimba monga *211# ndi *444# amagwira ntchito pa lamya iliyonse, ngakhale ya mabatani.

Pamene iPhone imapambana

iPhone imalandira kwa zaka zambiri pulogalamu yatsopano yotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo. Mwachitsanzo, iPhone 11 ya mu 2019 inalandira iOS 26 mu 2025. Mbali ya Android, Google inalonjeza zaka zisanu ndi ziwiri pa Pixel 8 mu 2023 ndipo Samsung inachita chimodzimodzi pa Galaxy S24 mu 2024, koma lamya zambiri zotchipa zimasiyidwa pakangotha zaka zochepa.

Nkhaniyi ili ndi zotsatira zake. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa Android yakale kuposa 5.0, ndipo mu 2025 inasiyanso iPhone 5s, iPhone 6 ndi iPhone 6 Plus. Kuonjezera apo, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024 pansi pa bungwe la MACRA, likupereka udindo kwa onse osunga mbiri za anthu kuti azizitchinjiriza. Lamya yosunga maina a odwala kapena manambala a ziphaso zaunzika za alimi siyenera kukhala yotha ntchito pa chitetezo.

Zoyenera kuona pogula

Mtengo nawo ukulamula. iPhone 15 inayamba kugulitsidwa pa madola 799 ku America, ndipo kugwa kwa kwacha ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 komanso 44 pa 100 mu Novembala 2023 kunakweza mtengo wa katundu yense wochokera kunja. Ndalama ya iPhone imodzi yatsopano ingathe kugula lamya zingapo za Android pamodzi ndi masola ake.

Choncho pa ntchito za m'midzi ya kwa Njombwa, Android yatsopano ya mtengo wapakati ndiyo ikugwirizana ndi mmene zinthu zilili, pomwe iPhone ikuyenera amene ali pafupi ndi magetsi ndipo ntchito yawo siidalira mapulogalamu otolera chiwerengero. Koma ofesi yogula lamya isangolemba dzina lakuti Android. Ndi bwino kulemba batire losachepera 5,000 mAh, chingwe cha USB-C, malo a SIM khadi awiri, RAM yosachepera 4 GB, ndi chiwerengero cha zaka zimene kampaniyo ikulonjeza kukonza chitetezo cha lamyayo. Bajeti ikhalenso ndi sola kapena power bank ya wogwira ntchito aliyense, ndalama yosinthira mabatire pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, komanso mwayi woyesa lamya imodzi tsiku lathunthu m'dera limene ikagwire ntchito, lamya zonse zisanagulidwe.