Udzudzu ndi Malungo M'midzi Mwathu

Anzanga, ambiri kumudzi amati malungo amadza cifukwa ca kudya nzimbe kapena kubvumbwa mvula. Si conco ai. M'caka ca 1897, ku India, Dokotala Ronald Ross anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma wodwala usiku, umatenga tiziromboto nkukapatsira munthu wina. Umaikira mazira m'madzi osayenda, ndipo pakapita masiku ngati 10 ana ace ayamba kuuluka.

Tsono munthu akakwirira zithaphwi pakhomo pace pokha, udzudzu wa m'maenje a njerwa a mnansi wace udzamlumabe. Mutu umodzi susenza denga. Pa chuthi cino tiyeni tikapemphe a mfumu kuti mudzi wonse ukwirire maenje, ana azigona m'masikito, ndipo wotentha thupi azipita naye msanga kucipatala.