Kamera Pankhongo pa Rosetta

Seraing ndi tauni ya mafakitale osungunula zitsulo m'mbali mwa mtsinje wa Meuse, pafupi ndi mzinda wa Liège ku Belgium. Kuyambira m'ma 1970 ntchito kumeneko zinayamba kusowa, mabanja ambiri n'kutsala padzuwa. M'dera limeneli ndimo anakulira Jean-Pierre Dardenne, wobadwa mu 1951, ndi mng'ono wake Luc, wa mu 1954, ndipo pafupifupi mafilimu awo onse amawajambulira komweko.

Anayamba ndi kujambula anthu enieni, antchito okalamba akusimba za sitiraka yaikulu ya mu 1960. Atalowa m'mafilimu a nthano sizinawayendere msanga. Je pense à vous ya mu 1992 inawakhumudwitsa iwo eni. Dzina lawo linamveka mu 1996 ndi La Promesse, Jean-Pierre ali ndi zaka 45. Kenako Rosetta inatenga mphoto ya Palme d'Or ku Cannes mu 1999, L'Enfant n'kubwereza mu 2005.

Rosetta ndi imene imandigwira mtima. Mtsikanayu amakhala m'kalavani ndi mayi ake achidakwa, ndipo chomwe akufuna ndi ntchito basi. Kamera yonyamula pamanja imamulondola pankhongo penipeni: akuthamanga, akudumpha msewu, akuvala jombo zimene amabisa m'paipi m'kankhalango. Palibe nyimbo yokuuza kuti apa lira. Mnyamata mmodzi yekha amene anamukomera mtima, iye akukamunenera kwa bwana kuti atenge malo ake pakashopu kogulitsira zophikaphika. Sumuda, chifukwa njala yake waiona ndi maso. Émilie Dequenne, amene anasewera mbaliyi, anali asanaonekepo m'filimu ina.

Mtsikana ameneyu ife timamudziwa. Ali padepoti ya ku Limbe ndi beseni la mandasi, ali ku Mchesi akufunsa ganyu yochapa. Koma mafilimu athu ambiri amamudutsa n'kukaima m'nyumba ya mpanda ndi galimoto yobwereka, potengera zimene tinazolowera kuona m'mafilimu a ku Nigeria. Timaganiza kuti khonde lathu silokwanira kukhala filimu. Abale a Dardenne aja anakhulupirira kuti msewu wa kwawo ndi wokwanira, ndipo kwa zaka zoposa 40 sanaukane.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti kusiyana kuli m'maso mokha. Ku Belgium boma la chigawo cholankhula Chifalansa lili ndi thumba la ndalama za mafilimu, wailesi yakanema ya RTBF imaikapo zake, ndipo kampani yothandiza filimu imachepetseredwa msonkho. N'chifukwa chake munthu angathe kugwa mu 1992 n'kudzukanso mu 1996. N'chifukwa chakenso angathe kutha milungu ingapo akuyeserera ndi osewera pamalo penipeni kamera isanayatsidwe, n'kumajambula nkhani motsatana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kuno kwathu wojambula amapisa m'thumba mwake. A Shemu Joyah, amene ntchito yawo ndi yoyeza malo, anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise ya mu 2017, yonena za atsikana oyendayenda a mu Blantyre. Imeneyi inayang'ana pansi pomwe timaponda, ndipo ndiyo inali yoyamba kutumizidwa ndi Malawi ku mpikisano wa Oscar. Mayi Joyce Mhango Chavula anabwera ndi mphoto ya Africa Magic mu 2016 chifukwa cha filimu ya Lilongwe. Luso lilipo. Chimene chimandipweteka n'chakuti filimu imodzi ikapanda kubweza ndalama, mwini wake amatsala ndi ngongole, yachiwiri osaijambula. Sitidziwa ndi angati anasiyira pa Je pense à vous yawo.

Mu 2022 abale aja anatulutsa Tori et Lokita, nkhani ya ana awiri a ku Africa ovutikira mapepala okhalira m'dziko la Belgium. Ndinaionera ndi mitima iwiri: kuyamikira kuti anawaona anawo, ndi kulakalaka kudziwa mmene ikanakhalira akanaijambula munthu wa kumene anachokera.