Anna Moore: Namwali Wakumudzi ndi Msampha wa Mumzinda

M'chaka cha 1920 boma la America litawerenga anthu ake, kunapezeka kuti kwa nthawi yoyamba okhala m'matauni anali atachuluka kuposa okhala kumidzi. Makolo ambiri anatsala okha m'minda, ana awo atakwera sitima kukafuna ntchito m'mafakitale ndi m'masitolo, ndipo nkhawa yaikulu inali pa ana aakazi. M'mwezi wa September chaka chomwecho D. W. Griffith anatulutsa kanema wotchedwa Way Down East, amene anakhudza pabala penipenipo.

Masiku amenewo kanema analibe mawu. Oonera ankangowerenga timawu tolembedwa pakati pa zithunzi, woimba piyano akutsatira nkhani ndi nyimbo, kotero kuti katundu yense anali pankhope ya wosewera. Griffith anagula sewero lakale la Lottie Blair Parker pamtengo wa madola 175,000, ndipo ambiri anaona ngati wataya ndalama pa nkhani yotha ntchito. Koma iye anali ndi Lillian Gish, mtsikana amene maso ake ankatha kulankhula.

Gish anasewera ngati Anna Moore, namwali wosauka amene mayi ake anamtuma ku Boston kukapempha thandizo kwa abale olemera. Kumeneko anakumana ndi Lennox Sanderson, mwana wa munthu wachuma, wodziwa kuvala ndi kunyengerera. Ataona kuti namwaliyo sangagonje popanda ukwati, Sanderson anakonza ukwati wabodza, namuuza kuti asaulule kwa aliyense. Anna atatenga pathupi, mwamunayo anaulula chinyengo chake namsiya. Mayi ake anamwalira; mwana anabadwira m'chipinda cha lendi ali wodwala. Pomwepa pali chithunzi chosaiwalika: usiku, popanda mbusa, Anna akubatiza yekha khanda lake, nayesa kufunditsa timanja take tozizira, osadziwa kuti latsirizika kale.

Mpaka apa munthu angayese kuti kanemayu akungochenjeza atsikana za kuipa kwa mzinda, monga ankachitira akanema ena a nthawiyo. Komatu theka lachiwiri, lomwe ndi lopweteka koposa, likuchitikira kumudzi. Anna akupeza ntchito pamunda pa Squire Bartlett, mkulu wopembedza amene Baibulo silichoka m'manja mwake. Akugwira ntchito mokhulupirika, ndipo David, mwana wa mwini mundayo, akumukonda. Tsoka ilo, Sanderson ali ndi malo pafupi pomwepo, ndipo amalandiridwa mwaulemu pakhomo pa Bartlett. Mayi wina wamiseche, Martha Perkins, atamva za mwana uja, akufulumira nayo nkhaniyo ngati watola ndalama.

Bartlett akupita kukafufuza ngati mwanayo anabadwadi, koma sakudzivuta kufunsa kuti bambo wake anali yani. Akupirikitsa Anna usiku, kunja kukuwomba mphepo ya chipale chofewa, pamene wolakwa weniweni wakhala patebulo pomwepo ngati mlendo wolemekezeka. Asanatuluke, Anna akutembenuka, naloza Sanderson chala pamaso pa onse. Kwa oonera a 1920, chaka chimene akazi a m'dziko lonse la America analoledwa kuponya voti, chala chimenechi chinali ndi tanthauzo lalikulu. Mzinda unamunyenga mtsikanayu, koma amene anamtaya kuimfa ndi anthu opemphera a kumudzi.

Chotsatira ndi chimene chinatchukitsa kanemayu. Anna akukomoka pamtsinje woundana, madzi oumawo akung'ambika, ndipo chibenthu chimene wagonapo chikuyandama kulunjika kumathithi, David akulumpha chibenthu ndi chibenthu kumtsatira. Zambiri mwa zimenezi anazijambula pamtsinje weniweni ku White River Junction, m'chigawo cha Vermont, ngakhale mathithi oonekawo ndi a Niagara, amene Griffith anangowalumikiza mwaluso. Gish anagonadi pamadzi oundanawo, tsitsi ndi dzanja zili m'madzi ozizira, ndipo dzanjalo linamvutitsa moyo wake wonse, kufikira pamene anamwalira mu 1993 ali ndi zaka 99.

Mapeto ake ndi ofewa mopitirira. David akupulumutsa Anna, Bartlett akupepesa, ndipo nkhani ikutha ndi maukwati atatu nthawi imodzi. Zikuoneka kuti Griffith analimba mtima kuonetsa kukondera kwa anthu poweruza mkazi ndi mwamuna, koma sanafune kuti oonera abwerere kwawo ali okwiya. Anna anayenera kuyamba wafika pakamwa pa imfa kuti mudzi umkhululukire tchimo limene sanachite. Sanderson, atapempha mochedwa kuti amkwatire moona ndi kukanidwa, akungonyamuka napita, chuma chake chili chonse.