Cilonda ca pa Lilime Sicidikira Kukolola

Ku Kacholola, m'boma la Nyimba, munthu akatuluka cilonda pa lilime amayamba waganiza kuti anadziluma kapena dzino linamceka. Nthawi zambiri zimakhaladi conco. Koma cilonda cimene capitirira milungu 3 osapola, makamaka m'mbali mwa lilime, cifunika kuonedwa ndi dotolo, pakuti cikhoza kukhala khansa. Osuta kapena kufwenkha fodya, ndiponso omwa kacasu, ndiwo ali pangozi koposa.

Ulendo umayambira pa kiliniki ya pafupi, nupitirira ku cipatala ca Nyimba. Madotolo amadula kanyama kakang'ono kuti akapime. Nthenda ikatsimikizika, wodwala amatumizidwa kutsidya kwa Luangwa, ku Lusaka, kumene kuli Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007.

Covuta cimadza pamene dotolo wachula opareshoni. Wodwala amaopa kuti sadzalankhulanso, ndipo acibale amati ayambe akolola. Koma kuongola mtengo mpoyamba. Cotupa cikali cacing'ono amacotsa mbali yocepa ya lilime, ndipo ambiri amalankhula ndi kumeza bwino akapola. Cikakula, mbali yodulidwa imakulanso, ndipo nthenda imafalikira m'khosi. Musanavomere, funsani dotolo kukula kwa mbali imene adzacotse, masiku ogona m'cipatala, ndiponso ngati padzafunika kuoca ndi makina. Pitani ndi mbale wanu kuti mumvere pamodzi.

Nanga kukoma kwa cakudya? Mbali ya lilime yotsala imamvabe mcere ndi zotsekemera, ndipo mphuno nayo imathandiza. Kuoca ndi makina ndiko kumasokoneza kwambiri: malovu amacepa, nsima imangomveka zii, nyama nkumawawa. Kwa ambiri kukoma kumabwerera pang'onopang'ono pakapita miyezi, ngakhale kuuma kwa m'kamwa kukhoza kukhalitsa.

Wodwala asaleke kudya, cifukwa thupi loonda silipola msanga. Mpatseni phala la nsinjiro, maungu ophwanya, therere, mazira ndi nthoci zakupsa, zimene ku Nyimba sizisowa. Adye pang'ono koma kawirikawiri, cakudya citazizirako, akumwera madzi. Tsabola, mowa ndi fodya azisiye. Azicukuca m'kamwa ndi madzi ofunda othira mcere pang'ono.

Inu amai osamalira wodwala, musakhumudwe akakankha mbale. Sananyoze kuphika kwanu. Lilime lace likuphunzira kulawa kaciwiri.