Yoga ya pa mkeka, kunsi kwa Michesi

Mayi wa kwathu kuno ku Phalombe akamasankha mpunga m'lichero amakhala pansi atatambalala, miyendo itawongoka kutsogolo, msana uli njo, popanda chotsamira. Akhoza kukhala choncho mpaka dzuwa kupendeka, uku akucheza. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli anthu amene amalipira ndalama kuti aphunzitsidwe kukhala mwa mtundu womwewu, ndipo ambiri mphindi ziwiri sizikwana, mitsempha ya kuseri kwa miyendo yayamba kale kukoka. Aphunzitsi a yoga amakutcha kukhala kumeneku dandasana. Nakonso kunjuta kumene mwana aliyense amachita posonkha moto, zidendene zitagunda pansi, munthu wokulira pa mpando amatha miyezi akukuphunzira.

Nanga yoga ingampatse chiyani munthu wa ku Migowi, ku Chiringa kapena kwa Nambazo, amene thupi lake silidziwa kukhala chabe? Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale, koma ndikaweruka ndimagwira khasu ngati wina aliyense. Yankho langa ndi lakuti ingampatse zochepa ndithu, ndipo zochepazo si zimene zimaoneka pa zithunzi za mu foni, za anthu oimirira ndi mutu.

Yoga idachokera ku India. Buku lake lakale lotchuka, Yoga Sutra, limene amati adalemba Patanjali, latha zaka zoposa 1,500, ndipo limaigawa yoga m'magawo 8. Chodabwitsa n'chakuti kakhalidwe ka thupi ndi gawo lachitatu. Awiri oyamba amanena za khalidwe la munthu: kusapweteka chamoyo, kunena zoona, kusaba, kudziletsa, kusakundika zinthu, ukhondo, kukhutitsidwa ndi zimene uli nazo. Zopinda thupi zambiri zimene dziko likuzidziwa lero zidafala m'zaka za m'ma 1900, makamaka kudzera mwa Krishnamacharya amene ankaphunzitsa ku Mysore m'ma 1930, ndi ophunzira ake monga B.K.S. Iyengar. Mu Disembala 2014 bungwe la United Nations lidasankha 21 Juni kukhala tsiku la yoga, ndipo ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe imakonza mwambo wa tsikuli. UNESCO idaiika yoga pa mndandanda wa miyambo yofunika ya anthu a pa dziko mu 2016. Tchopa chathu cha Alhomwe chidalowa pa mndandanda womwewo mu 2014. Tidawatsogolera ndi zaka ziwiri, ndipo amene adavinapo tchopa atasenza katundu wake kumsana akudziwa kuti thukuta lake si lamasewera.

Vuto la msana wa kuno si kusowa ntchito. Vuto ndi lakuti ntchito yonse imaupindira mbali imodzi. Okutobala ndi Novembala tikuunga mizere, chowerama. Mvula ikagwa tikudzala, kupalira, kubandira, chowerama. Amene ali ndi minda m'madambo a ku Chilwa akuwokera mpunga, miyendo ili m'matope, chowerama tsiku lonse. Kusesa ndi tsache lalifupi, kuchapa, kupeta, kutola nkhuni, zonse kutsogolo. Anyamata a kabaza nawo amakhala atakumbatira chiwongolero kuyambira mbandakucha. Nsungwi ukamaipindira mbali imodzi tsiku ndi tsiku imadzauma ili chipindire.

Kusenza pamutu kokha ndiko ndimakuikira kumbuyo. Mtsikana akatwika ndowa ya malita 20, ndiye kuti wasenza makilogalamu 20 pa nkhata, ndipo kuti madzi asatayike amayenera kuyenda khosi lili chilili, mapewa atagwa bwino. Mu 1986 akatswiri adafalitsa kafukufuku wa amayi achiluo ndi achikikuyu a ku Kenya, wosonyeza kuti amatha kusenza pamutu katundu wolemera gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lawo popanda kuwononga mphamvu zoonjezera. Luso limenelo ndi lathunso. Chimapweteka ndi kunyamula ndowayo kuichotsa pansi miyendo itawongoka, ndi kumutwika mwana wa sitandade 3 katundu wa munthu wamkulu.

Bungwe la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni pa dziko lonse ankamva kupweteka kwa msana wa m'munsi. Kwathu kuno timati chiuno, kapena nyamakazi, ndipo mankhwala ake timawadziwa: bufeni kapena indosidi wa pa golosale, awiri m'mawa musanadye kanthu, kenaka kumunda. Ena amakatemera mphini. Mapiritsi amenewa amathandizadi, koma kuwameza miyezi ndi miyezi pamimba yopanda kanthu kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Ine yoga adandionetsa ndi mnzanga wina wogwira ntchito m'sitolo ku Limbe, ndipo pa zonse zimene adandionetsa ndidasungako zochepa zobweza msana kumene khasu lauchotsa. Choyamba ndi ichi. Yalani mkeka, mugone chafufumimba, miyendo itawongoka. Ikani zigongono pansi, pansi penipeni pa mapewa, manja atagona kutsogolo. Dzutsani chifuwa pang'onopang'ono, mchombo usachoke pa mkeka, matako osaumitsa, maso akuyang'ana pansi chapatsogolo. Mupume kasanu kapena kasanu n'kamodzi, mpweya ukulowera m'mphuno ndi kutulukira momwemo, kenaka mutsike. Mudzamva pa chiuno pakuthina ngati pakudandaula, koma pasamabaye. Pakabaya, kapena ululu ukatsikira kumwendo, lekani. Chachiwiri, mutembenuke mugone chagada, mawondo mutawapinda, mapazi ali pansi, ndiye mukweze chiuno m'mwamba ndi kuchitsitsanso mosafulumira. Pomaliza mukumbatire mawondo pachifuwa, muwagwetsere kumanja, kenaka kumanzere. Zonsezi sizitha mphindi 10. Muli kumunda, chidule chake n'kuima mukamaliza mzere, kugwira m'chiuno ndi manja onse, n'kupendekera kumbuyo pang'ono. Zimenezi anganga athu ankachita kale, kungoti ankadikira kuti msana uyambe walira.

Azakhali anga, amene msana wawo udayamba kukhota asanafike zaka za ukalamba, nditawaonetsa adaseka mpaka kugwetsa misozi.

"Iwe mwanawe, ukufuna apongozi andipeze ndikukwawa ngati buluzi?"

"Ayi azakhali, muzichitira m'nyumba, chitseko chotseka."

"Nanga chitenjechi?"

Funso limenelo n'lomveka, ndipo mabuku a yoga saliyankha. Tidagwirizana kuti azivala thalauza la amalume m'kati. Masiku ano amachita madzulo akamaliza kusamba. Msana sudawongoke, ndipo sudzawongoka, koma akuti podzuka m'mawa sakuyamba ndi kugwira khoma.

Pamenepa ndi pamene akatswiri nawo amafika. Kafukufuku wambiri amasonyeza kuti yoga imachepetsako ululu wa msana wokhalitsa ndi kuthandiza munthu kuyenda bwino, koma pang'ono, mofanana ndi masewera ena olimbitsa thupi. Mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians lidaiika pakati pa njira zoyenera kuyesa musanathamangire mapiritsi, ndipo malangizo a WHO a mu 2023 amalimbikitsanso zolimbitsa thupi pa vuto limeneli. Koma ulipo msana wosafuna mkeka. Ukamapweteka usiku pamodzi ndi kutentha thupi, kutuluka thukuta ndi kuwonda, chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha m'mafupa. Miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, mkodzo ukamatuluka wokha, kapena ululu ukayamba mutagwa mumtengo kapena pa njinga, njira ndi ya ku Holy Family kapena ku chipatala cha John Chilembwe ku Migowi, tsiku lomwelo. Amayi oyembekezera asagone chafufumimba. A BP asayese zozondoka mutu pansi, ndipo a BP ndi ambiri: kafukufuku wa mu 2009 adapeza kuti pa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi, mmodzi magazi ake amathamanga.

Gawo lachinayi la yoga ndi kupuma, ndipo kwa anthu a m'mphepete mwa phiri mwina ndilo lofunika kuposa onse. Amene adaona napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zidatsika mu Michesi n'kupha anthu mazanamazana, mpaka lero mvula ikalimba usiku sagona. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adawonjezera m'badwo wina wa osagona, makamaka kwa Nkhulambe. M'kalasi mwanga mitambo ikada kuphiri ana amasiya kulemba, maso onse pa windo. Ndimawauza kuti aike dzanja pamimba, akoke mpweya ndikuwerenga mpaka 4, autulutse ndikuwerenga mpaka 6. Kutulutsa mpweya mochedwa kumachepetsa kugunda kwa mtima. Ndi mmene thupi lidapangidwira, palibe zamatsenga. Kupuma sikumanga nyumba imene idapita ndi madzi, ndipo phiri likayamba kulira munthu athawire kumtunda, asakhale pansi n'kumawerenga. Koma usiku umene mvula ndi mvula chabe, kumathandiza kuti tulo tibwere.

Pa za khalidwe, pali chimodzi chimene ndimachikayikira. Kukhutitsidwa ndi zimene uli nazo ndi chiphunzitso chokoma m'kamwa mwa wokhuta. Mayi amene wagulitsa nandolo pa mtengo wolira kwa mavenda sindingamuuze kuti akhutitsidwe. Kusapweteka chamoyo ndiko ndimakugwiritsitsa, chifukwa chamoyocho ndi thupi lako lomwe, ndi la mwana wako, ndi la waganyu amene wamuyezera ndime yosatheka kuti alandire mbale ya ufa. Ena a mumpingo amandifunsa ngati zimenezi si kupembedza milungu yachilendo. Sindibisa kuti yoga idamera m'zipembedzo za ku India, ndipo alipo amene amaichita ndi mapemphero ake. Amene mtima wake ukumutsutsa asiye dzinalo, awongole msana basi.

Kunena zoona ndiko kukusowa kwambiri pa malonda a zitsamba. Kwerani basi iliyonse, mumva botolo limodzi likuchiza shuga, BP, khansa, kusabereka ndi mphamvu za abambo. Ku India komweko zilipo. Ramdev, mphunzitsi wa yoga wotchuka m'dzikolo, kampani yake ya Patanjali Ayurved idatulutsa mankhwala otchedwa Coronil mu 2020 ponena za Covid-19, ndipo mu 2024 iye adakapepesa ku khoti lalikulu la dzikolo chifukwa cha zotsatsa zosocheretsa anthu. Kwathu kuno ntchito yoyang'anira mankhwala ili m'manja mwa bungwe la PMRA, koma wogulitsa wa m'basi amatsika pa siteji yotsatira.

Sikuti zitsamba n'zachabe. LA amene timalandira tikadwala malungo, mbali ina ya mphamvu yake idachokera ku chitsamba cha ku China, ndipo Tu Youyou adalandira mphotho ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Kusiyana kwake ndi muyezo. Mitengo iwiri imene asing'anga a ku India amainyadira ili kale pa makomo athu, ndipo kwawo ndi komweko. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, ya ayironi ndi vitamini A. Chotendera chake mwana amakula nacho bwino, koma ndi chakudya, si cholowa m'malo mwa ma ARV. Nimu anthu amamuwiritsa thupi likatentha, n'kumati kuwawako ndiye mphamvu. Kuwawa sikupha tizilombo ta malungo, ndipo masiku amene mwana akumwetsedwa nimu m'malo mokayezetsa magazi ndi omwe malungo amakwera kumutu. Mafuta a nimu adapwetekapo ana aang'ono ku India ndi ku Malaysia. Za gondolosi, amene amagulidwa ngati mtedza pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, ndisiyira abambo anene okha.

Phunziro lenileni lili mu mphika wa kalongonda. Nyemba imeneyi ku India amaitcha kapikacchu ndipo ndi mankhwala akale. Muli L-dopa, chinthu chomwecho chimene madokotala amapereka kwa odwala matenda onjenjemera a Parkinson. Mlhomwe aliyense amadziwa kuti kalongonda saphika mothamanga. Amamuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, nkhuni n'kutha mtolo, chifukwa akapanda kupsa amazunguza mutu ndi kusanzitsa banja lonse. Anthu amene amasamala chonchi ndi chakudya cha makolo awo sayenera kumagugudiza kapu ya madzi obiriwira osadziwika muyezo, chifukwa choti wogulitsa wati ndi zachilengedwe. Ndipo amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, akafika kuchipatala anene zimene akumwera kumbali, ngakhale adokotala atakwinya nkhope.

Chatsala ndi mpini. Mphindi 10 za pa mkeka sizingafanane mphamvu ndi maola 6 a chowerama, ndipo chimene chimatiweramitsa kwambiri ndi kufupika kwa mpini wa khasu. Ku California boma lidaletsa khasu la mpini waufupi m'minda mu 1975, ogwira ntchito atadandaula kuti likuwapundula misana. Kuno ukatalikitsa mpini anthu amati ndiwe waulesi, ukuopa dothi. Pogalauza nthaka youma ndi pounga mizere mpini wazolowereka uli ndi chifukwa chake, koma popalira udzu wanthete khasu lopepuka la mpini wofika pachifuwa limagwira ntchito munthu ataima. Langa ndidasemetsa kwa mmisiri wa pa msika, amene adandifunsa kawiri ngati ndikufunadi mpini wa khasu kapena mtengo wothyolera mango.